Momwe mungakonzekere kukwera phiri ndi wailesi yolankhulirana ku Mchinji

Mukaima pamwamba pa mapiri a Mchinji, chigwa chonse cholowera ku Lilongwe chimakhala pansi panu, ndipo palibe nyumba, mtengo kapena phokoso la mawaya a magetsi lotchinga mawu a wailesi. N'chifukwa chake kawailesi ka mawati 5 kamene kamavutika m'tauni kamatha kumveka kutali mukakakweza kuphiri. Okonda amateur radio, kutanthauza kulankhulana pa wailesi ngati chosangalatsa chabe, padziko lonse ali ndi pologalamu ya zimenezi, Summits on the Air kapena SOTA, yomwe inayambira ku Britain mu 2002. Koma ulendo wotere umatheka kapena kulephereka musananyamuke pakhomo, ndipo zambiri zoukonza sizikhudza wailesiyo ayi.

Yambani ndi chilolezo

Simungaulutse mawu popanda layisensi ya MACRA, bungwe loyang'anira za mawailesi ndi mafoni m'dziko muno. Akakupatsani mumalandira call sign, dzina lanu la pa wailesi, yomwe imayamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi pa wailesi. Pepalalo lijambulitseni, muliike m'pulasitiki, likhale m'chikwama nthawi zonse. Ku Mchinji kumbukiraninso kuti malire ndi Zambia ali pafupi, ndipo kutchire sakhala ndi chikwangwani ngati pa Mwami. Layisensi yanu imathera pamalirepo. Musanapite, onani pa mapu kuti nsonga imene mwasankha ili mbali yathu.

Ngati phirilo lili m'nkhalango yotetezedwa ya Mchinji, pitani kaye ku ofesi ya zankhalango pa boma. Kenako kaonekereni kwa amfumu a mudzi wa m'munsi mwa phiri. Apa ndikupemphani musafulumire. Munthu wachilendo wonyamula mawaya, mlongoti ndi kabokosi kolira amadzutsa mafunso: ena aganiza kuti mukufufuza miyala yamtengo wapatali, ena kuti mukuyeza malo. Tonse tikukumbukira mmene mphekesera za anamapopa zinapwetekera anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nako mu 2017. Khalani pansi, perekani moni mwaulemu, tulutsani wailesiyo aione, munene kuti, "Gogo chalo, tabwera kudzapempha njira yokwerera phiri lanuli." Pemphani akupatseni munthu wokuperekezani, ndipo mumulipire moyenera. Iyeyo ndiye adziwa njira yosaterera, komwe kuli misampha ya nguluwe, ndi malo amene mlendo sapondako monga manda ndi dambwe. Akati uku ayi, ndi ayi basi, ngakhale pakhale pabwino chotani poimika eriyo.

Sankhani tsiku, muwerenge maola

Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti: mvula yatha, kunja kukuzizira. Seputembala ndi Okutobala dzuwa limaswa mtengo, ndipo moto wolusa umathamanga chokwera phiri kuposa munthu. Nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ine sindilimbikitsa konse. Mlongoti wokhala ndi waya pamwamba pa phiri ndi chinthu choyamba chimene mphenzi ingapeze. Mukangomva kugunda kwa bingu, ngakhale patali, zimitsani, gwetsani mlongoti, tsikani.

Powerengera nthawi, okwera mapiri amagwiritsa ntchito lamulo la Naismith: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Lamuloli ndi la munthu wolimba woyenda njira yabwino, choncho inu amene mwasenza katundu m'udzu wautali muwonjezere theka lake. Ikanipo mphindi 20 zoimika eriyo, ola limodzi kapena awiri olankhula, ndi nthawi yotsika yofanana ndi yokwera. Kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko kapena isanakwane, ndipo mdima suchedwa. Dziikireni ola lotsikira musananyamuke, tinene 1 koloko masana, ndipo likakwana muzimitse ngakhale wina wa ku Europe akukuitanani. Siyani uthenga kunyumba wonena phiri, njira, ndi nthawi imene mubwere.

Zolongedza

Yalani zonse pamphasa dzulo lake, mulumikize ngati muli kale kuphiri, muyatse, muone kuti zikugwira. Ulendo wambiri umafera kakonekita kamodzi koiwalika.

Wailesi ikhale yaing'ono. Yaesu FT-817 kapena FT-818 imalemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi. Xiegu G90 imatulutsa mawati 20 koma imalemererapo ndipo imadya batire. Ya m'manja ngati Baofeng UV-5R ndi yotchipa ndipo imagwira pa bandi (gawo la mafunde a wailesi) yotchedwa ya mamita 2, kuyambira 144 mpaka 146 MHz, koma imangofika kumene maso angafike kapena kupitirira pang'ono. Popeza anzathu a wailesi kuno ndi ochepa, musakwere ndi iyo yokha musanapangane ndi munthu woti akumvereni. Kuti mupeze a ma call sign oyamba ndi ZS ku South Africa, 9J ku Zambia, Z2 ku Zimbabwe kapena 5H ku Tanzania, mufunika HF, mafunde ofika kutali: bandi ya mamita 40 pa 7 MHz ya maiko oyandikana nafe, ndi ya mamita 20 pa 14 MHz yopita kutali.

Batire la galimoto lisiyeni pansi. Lopepuka la mtundu wa LiFePO4 la mavoti 12.8 ndi 3 Ah kapena 4 Ah limakwana m'dzanja. FT-817 imakoka pafupifupi theka la ampu pomvetsera ndi maampu 2 polankhula, ndiye batire loterolo likukwanirani maola awiri ndi kutsalako. Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, litchajeni masiku awiri ulendo usanafike, ndipo pawaya wake pakhale fyuzi.

Eriyo ndiyo yoyenera kuipatsa mtima wanu wonse, chifukwa eriyo yabwino pa mawati 5 imaposa yoipa pa mawati 50. Yosavuta ndi dipole, eriyo ya mawaya awiri okumana pakati: pa bandi ya mamita 20 dulani mawaya awiri opyapyala, aliyense mamita 5 ndi pang'ono, muzidula pang'onopang'ono uku mukuyeza SWR, muyezo wosonyeza ngati eriyo ikugwirizana ndi wailesi, kunyumba. Pa bandi ya mamita 40 waya aliyense ndi pafupifupi mamita 10. Pakati pake mukweze pamlongoti, nsonga ziwirizo zitsikire m'mbali. Mlongoti wabwino ndi ndodo yowedzera nsomba yolowetsana, ya mamita 6 kapena 7. Ikasowa, nsungwi ziwiri zowuma zomangidwa ndi mphira zimagwira ntchito. Pamwamba pambiri ndi thanthwe lokhalokha pomwe chikhomo sichilowa, choncho tengani zingwe zazitali zomangira ku miyala ndi zitsamba. Coax, waya wolumikiza wailesi ku eriyo, yopyapyala ya RG-174 ya mamita 7 mpaka 10 ndi yokwanira pa HF. Musadule mtengo kuti waya adutse.

Tsopano za thupi lanu, zimene ambiri amazichepetsa kuti wailesi ikwane. Madzi malita 2 mpaka 3 munthu mmodzi, ndipo kukatentha onjezerani. Mtedza wokazinga, mbatata yophika, nthochi. Nsapato zotseka zogwira pamwala, thalauza lalitali chifukwa cha chitedze ndi mphiri yobisala m'masamba, chipewa, juzi ya mphepo ya mu Juni, tochi, bandeji, ndi foni yodzaza moto. Kope laling'ono ndi pensulo ziwiri. Chikwama chonse chisapitirire makilogalamu 8 kapena 10. Chikapitirira, chotsani chida china, osati botolo la madzi.

Mukafika pamwamba

Pumani, imwani madzi, kenako imikani eriyo mosatchinga njira ya ena. Mapiri athu ambiri anthu amakapempherako, apatseni malo. Musayatse cholankhulira eriyo isanalumikizidwe. Mvetserani kaye, funsani ngati pa mafunde amenewo pali munthu, ndiyeno itanani CQ, mawu oitanira aliyense amene akumva, mutchule call sign yanu pang'onopang'ono. Call sign ya 7Q simveka kawirikawiri, ndiye akakumvani angakuunjikireni nthawi imodzi, tengani mmodzimmodzi. Aliyense mulembe call sign yake, bandi, lipoti la mmene mwamumvera monga 59 (kumveka bwino kwambiri), ndi nthawi ya UTC, yomwe ili maola awiri kumbuyo kwa nthawi yathu: 10 koloko m'mawa mulemba 08:00.

Ngati mukutsata malamulo a SOTA, onani pa webusaiti yawo ngati phirilo lili pamndandanda. Amafuna kuti gawo lomaliza mukwere ndi mphamvu zanu, musatenge magetsi pagalimoto, musakhale m'munsi kupitirira mamita 25 kuchokera pansonga, ndipo mulankhule ndi masiteshoni 4 osiyana kuti mupeze mapointi.

Ola lotsika likakwana, kulungani mawaya, werengani zingwe ndi zikhomo, tolani mapepala onse. Tsikani mofatsa chifukwa mawondo atopa ndipo timiyala timaterera. Podutsa pamudzi kawatsanzikeni amfumu, muwauze maiko amene mwalankhula nawo, ndipo mufunse ngati pali achinyamata amene angafune kudzamvetsera ulendo wotsatira.