Mmene mungamvetsere nkhondo za m'ma 1700 osasokonezeka mutu

Anthu ambiri akaona filimu kapena chithunzi cha nkhondo za m'ma 1700 funso lawo limakhala limodzi lomweli, lakuti kodi anthu amenewa mitu inkagwira? Kuima pamzere chonchija atavala majekete ofiira kaya a buluu, ng'oma ikulira, mdani ali apo poti mutha kuonana maso, nkumaomberana osabisala ngakhale kuseri kwa mtengo. Ine funsoli limandiwawa chifukwa anthuwa sanali zitsiru ayi, ndipo ukangowayesa zitsiru ndiye kuti mbiri yonse ya nthawi imeneyo yakudutsa. Nde ndati ndilembe ndondomeko imene ndimatsata ndikamawerenga za nkhondozi. Chitsanzo changa chikhala nkhondo ya zaka 7, ya 1756 mpaka 1763, poti imeneyi inamenyedwa ku Ulaya, ku America, ku India, m'mbali mwa nyanja ku West Africa mpaka ku Philippines, ndiye ukaimvetsa iyoyo zinazo zimayamba kulowa zokha.

Choyamba musayambe ndi mafumu. Yambani ndi mfuti, muigwire m'maganizo mwanu. Inali ya gogodela, yothirira kukamwa, ya asilikali a Britain ankaitcha Brown Bess, yolemera makilo pafupifupi 5, ndipo mkati mwa mpope wake munali mosalala, mopanda timizere tija timazunguza chipolopolo kuti chipite molunjika. Chipolopolo chake chinali kampira ka mtovu, ndipo ankachipanga chocheperako dala kuti chizilowa msanga ngakhale mpope utada ndi mwaye, nde potuluka chimagundagunda m'mbali, kumene chilowere mwini mfuti sakudziwanso bwinobwino. Pa mamita 50 munthu ukhoza kumulasa, kudutsa mamita 100 zangokhala zamwayi.

Tsopano yesani kuthira, tsatirani ndi manja anu pomwe mwakhalapo. Mukupisa dzanja m'kachikwama ka m'chiuno, mukutulutsa kapepala kokulunga onga ndi chipolopolo. Mukukaluma ndi mano kuti kang'ambike, nchifukwa chake wopanda mano akutsogolo usilikali unkamuvuta, ndipo mkamwa mukumva kuwawa kwa onga, milomo yada bii. Onga pang'ono mukuthira m'kambale kakang'ono kali pambali pa mfuti nkutseka. Mukutsitsa mfuti, onga wotsala mukukhuthulira kukamwa, chipolopolo ndi pepala lomwe mukukankhira momwemo, mukusolola ndodo yotsindira, kutsindira, kuibwezera pamalo pake chifukwa mukaiwala ipita limodzi ndi chipolopolo ndipo mfuti yanu yasanduka chibonga basi. Kenako kukoka kachitsulo kogwira mwala, kuloza, kuomba. Mwala uja ukukhula pachitsulo, moto ukuthetheka, ukuyatsa onga wa m'kambale, moto ukudutsa pakabowo nkukayatsa wamkati. Zonsezi msilikali wophunzitsidwa bwino ankachita katatu pamphindi imodzi, mnzake akugwa pambali pake. Pena mwala umabuntha osatulutsa moto, pena onga wanyowa, mfuti nkungoti tswa basi.

Mukafika apa mzere uja wayamba kumveka. Mfuti imodzi ndi yosadalirika, koma mfuti 500 zikalira pamodzi zimasesa. Kuthira kumafuna munthu ataimirira, chogona sizitheka bwino. Ndiye palinso asilikali apakavalo, amene ankangodikira kuti anthu abalalike awathamangitse ndi malupanga mmodzimmodzi, koma gulu lothithikana litaika mipeni yaitali ija kukamwa kwa mfuti kavalo salowamo wamba. Utsi nawo musauiwale, onga wakuda umafuka koopsa, mukaomba kawiri katatu kutsogolo sikuonekanso, nde jekete lowala, mbendera ndi ng'oma zinali njira yodziwira kuti wathu ndi uti ndipo lamulo likuti chiyani. Sizinali zodzikongoletsa chabe.

Onani zimene zinachitika ku Quebec, ku Canada, pa 13 Seputembala 1759. Asilikali a Britain otsogozedwa ndi James Wolfe anakwera phompho usiku, m'mawa nkupezeka ayala mzere pachigwa kunja kwa mzinda. Aliyense anathira zipolopolo ziwiri. A France motsogozedwa ndi Montcalm akubwera, akuomba ali patali, mzere wawo ukusokonekera, a Britain ali duu osayankha mpaka adaniwo atafika pafupi zedi, mpamene anatsegula. Kumenyana kwenikweni sikunathe ndi theka la ola. Wolfe anafera pomwepo, Montcalm anamwalira m'mawa mwake. Kupirira kodikira mdani akukuombera ndi kumene maphunziro onse aja ankafuna kupanga mwa munthu.

Koma musatenge mzere ngati mankhwala a paliponse. Mu Julayi 1755 mkulu wankhondo wa Britain Edward Braddock analowa ndi gulu lake m'nkhalango pafupi ndi mtsinje wa Monongahela ku America, George Washington ali momwemo akadali mnyamata, ndipo a France ndi eni dziko a ku America amene ankawathandiza anawaombera ali kuseri kwa mitengo mpaka oposa theka anaphedwa kapena kuvulala. Choncho nthawi zonse muzifunsa kuti malowo anali otani, chigwa kapena nkhalango, kunja kunali mvula kapena ayi.

Chachiwiri, tsatirani mimba. Apa mpamene ambiri amadumpha chifukwa nkhani ya buledi siikoma ngati ya mizinga, koma ndikuuzeni, mukafuna kudziwa chifukwa chimene gulu lankhondo linakhala milungu osasuntha, fufuzani komwe kunali ufa. Msilikali wa Prussia ankalandira buledi pafupifupi kilo imodzi patsiku. Chulukitsani ndi anthu 40,000, muonjezere akavalo masauzande ofuna udzu tsiku ndi tsiku, zonsezi zikuyenda pangolo m'misewu yamatope. Ufa unkasungidwa m'nkhokwe zikuluzikulu m'mizinda ya malinga, mauvuni nkumamangidwa m'njira, ndipo gulu silinkatha kutalikira nkhokwe zake masiku ambiri. Kuwalola asilikali kuti akadzisakire okha chakudya m'midzi kunali koopsa poti ambiri ankathawiratu osabwerako. Nchifukwa chake kuzinga malinga kunali kochuluka kuposa nkhondo zapachigwa, komanso chisanu chikafika udzu wa akavalo nkusowa, nkhondo inkaima kaye anthu nkukakhala m'nyumba mpaka kutafunda. Mukamawerenga muziika chala pamapu, muone mitsinje ngati Elbe ndi Oder, chifukwa katundu wolemera ankayenda pamadzi.

Ndipo chimene chinkapha kwambiri si chipolopolo. Kamwazi ndi malungo osiyanasiyana zinkamaliza anthu m'misasa. A Britain atalanda mzinda wa Havana ku Cuba mu 1762, amene anafa ndi matenda, makamaka yellow fever, anachuluka kutalitali kuposa amene anaphedwa ndi a Spain.

Chachitatu ndiye mubwere kwa mafumu, koma mulembe mbali ziwiri papepala musanapitirire, apo ayi mutayika. Gwero lake ku Ulaya ndi dera la Silesia, limene Frederick II wa Prussia analanda kwa Maria Theresa wa Austria mu 1740, ndipo mayiyu sanaiwale. Mu 1756 zibwenzi zinatembenuka, Austria inagwirizana ndi France imene inali mdani wake wa zaka mazana, Russia ndi Sweden nkukhala mbali yomweyo, pomwe Britain inagwirana manja ndi Prussia. Spain inalowa mochedwa mu 1762 kumbali ya France. Pansi pa mainawo lembani kuti ndalama zikuchokera kuti. Kuyambira 1758 Britain inkapatsa Frederick mapaundi 670,000 pachaka kuti a France atanganidwe ku Germany pomwe zombo za Britain zikutola madera awo kutsidya kwa nyanja. Frederick naye anafinya Saxony, dziko loyandikana naye limene analilanda, nkumasungunula ndalama zasiliva kusakaniza ndi zitsulo zotchipa kuti zichuluke.

Pa Frederick pomwepa werengani nkhondo ziwiri motsatizana, musangotenga yokoma yokha. Ku Leuthen pa 5 Disembala 1757 a Austria anali ochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri, iye ananamizira kuti akumenya kudzanja lawo lamanja, gulu lake lalikulu nkuzembera kuseri kwa timapiri, kukatulukira kumapeto kwa dzanja lamanzere, nkuyamba kuupinda mzere wa adani ngati mphasa. Izi zinatheka chifukwa asilikali ake ankatha kutembenuka ndi kuyala mzere mwachangu kuposa ena onse. Koma ku Kunersdorf mu Ogasiti 1759 a Russia ndi a Austria anamuphwanya mpaka iye mwini anaganiza kuti zonse zatha. Chimene chinamupulumutsa pamapeto ndi maliro, mfumukazi Elizabeth ya Russia inamwalira mu Januwale 1762 ndipo Peter III amene analowa m'malo anali wokonda Frederick, nkuitulutsa Russia m'nkhondo.

Chachinayi, futukulani mapu onse. Ku Bengal, ku India, pa 23 Juni 1757, pa Plassey, Robert Clive wa ku Britain anali ndi anthu pafupifupi 3,000, ambiri mwa iwo amwenye olembedwa ntchito ndi East India Company, kampani ya malonda ya ku Britain, pomwe Siraj ud-Daulah, wolamulira Bengal, anali ndi pafupifupi 50,000. Ukangoona manambalawo uganiza kuti kunachitika zozizwitsa. Koma fufuzani, mupeza kuti Mir Jafar, mmodzi wa akuluakulu ankhondo a Siraj, anali atapangana kale ndi Clive ndipo gulu lake linangoima nkumaonerera, komanso mvula inanyowetsa onga wa mbali ya Siraj pomwe anthu a Clive anafunditsa wawo ndi lona. Manambala a m'mabuku muziwafunsa choncho, kuti mwa anthu onsewo amene anamenyadi ndi angati. Ndipo Bengal ikubwereranso ku mfuti ija tinayamba nayo, chifukwa onga umapangidwa ndi makala, sulufule ndi mtundu wa mchere wotchedwa saltpetre umene umatenga magawo atatu mwa anayi, ndipo saltpetre wambiri ankachokera ku Bihar ndi Bengal.

Mu 1758 a Britain analanda a France Saint-Louis ndi Gorée ku Senegal, mu 1759 nkuwalandanso Guadeloupe, chilumba cha shuga cha ku Caribbean. Apa musathamange, imani kaye. Shuga ameneyu ankalimidwa ndi anthu a ku Africa ogwidwa ukapolo, ndipo phindu lake linali lalikulu moti pokambirana za mtendere anthu ku London ankatsutsana zenizeni kuti chabwino nkusunga chiti, Canada yense kapena kachilumba kameneka. Nkhondo za nthawiyi ukazichotsa ukapolo sizimveka.

Musaganizenso kuti dziko lonse linkayang'ana ku Ulaya. Zaka zomwezi mfumu Qianlong ya China inathetsa ufumu wa a Dzungar pakati pa Asia mwankhanza zosaneneka, ndipo pa 14 Januwale 1761 ku Panipat a Maratha a ku India anagonjetsedwa ndi Ahmad Shah Durrani wa ku Afghanistan pankhondo imene inapha anthu ochuluka kuposa Plassey ndi Quebec kuphatikiza.

Pali tinthu tiwiri tosokoneza toti musamale nato. Nkhondo imodzi yomweyi ili ndi maina angapo, ku United States amati French and Indian War ndipo amaiyambira mu 1754, ku Germany gawo lawo amalitcha nkhondo yachitatu ya Silesia, kum'mwera kwa India ndi nkhondo yachitatu ya Carnatic. Chinanso ndi kalendala. Britain inasintha mu 1752, pa 2 Seputembala nkutsatira 14 Seputembala, koma Russia inakhalabe ndi kalendala yakale mpaka 1918, ndiye mukapeza madeti awiri a chinthu chimodzi osiyana masiku 11 musati wina wanama.

Za chikhalidwe muziwerenga anthu awiri nthawi imodzi, wapamwamba ndi wapansi. Akuluakulu ankhondo ambiri anali a m'mabanja olemekezeka, ku Britain udindo unkachita kugulidwa ndi ndalama mpaka 1871, ndipo Chifalansa chinali chilankhulo cha apamwamba moti Frederick yemwe ankamenyana ndi France ankalemba ndakatulo m'Chifalansa, kuimba chitoliro, ndipo anasunga Voltaire, wolemba mabuku wa ku France, kunyumba yake yachifumu ku Potsdam. Mkulu wankhondo akagwidwa ankatha kumasulidwa atangolonjeza pa ulemu wake kuti samenyanso mpaka atasinthanitsidwa. Msilikali wamba ndiye ayi, akalakwa ankamudutsitsa pakati pa mizere iwiri ya anzake aliyense akumukwapula pamsana, ndipo asilikali a Saxony atagonja ku Pirna mu 1756 anangowaveka yunifolomu ya Prussia mokakamiza, ambiri nkuthawa atapeza mpata. Apamwamba nawo ulemu womwewo unkatha kuwadya, John Byng, mkulu wa zombo zankhondo za Britain, anaomberedwa pachombo mu Malichi 1757 khoti lankhondo litagamula kuti sanachite zonse zotheka populumutsa chilumba cha Minorca.

Pomaliza werengani mapangano, kenako mutsatire ngongole. Pangano la Paris la pa 10 Febuluwale 1763 linapereka Canada kwa Britain, France nkubwezeredwa Guadeloupe, Martinique ndi Gorée. Patatha masiku 5 ku Hubertusburg anagwirizana kuti Silesia ikhalebe ya Prussia, kutanthauza kuti malire ku Germany anabwerera mmene analili nkhondo isanayambe, anthu onse aja atafa. Britain inatsala ndi ngongole yaikulu nkuyamba kukhometsa msonkho anthu ake a ku America, lamulo la msonkho la Stamp Act la 1765 linachokera pamenepo, ndipo mu 1776 madera 13 analengeza ufulu wawo. France inawathandiza pofuna kubweza chipongwe cha 1763, inakongola ndalama zambiri pochita zimenezo, ndipo mavuto a ndalama omwewo ndi amene anakakamiza mfumu ya France Louis XVI kuitanitsa msonkhano wa nthumwi za dziko lonse wotchedwa Estates-General, umene unayamba mu Meyi 1789.