Mmene mungakonzekerere mtsutso wa chifukwa chimene Karl Rove sanaimbidwire mlandu

Ngati gulu lanu la mtsutso ku Mzuni kapena kusukulu ya sekondale muno mu Mzuzu likufuna kuphunzira kutsutsana za akuluakulu andale amene amapulumuka milandu, nkhani ya Karl Rove, yemwe anali mlangizi wamkulu wa Pulezidenti George W. Bush ku America, ndi yoyenera kuyambirapo, chifukwa ili kutali ndi zipani zathu ndipo palibe amene angapse mtima poteteza mtsogoleri wa kwawo.

Yambani ndi kusanja zimene zinachitika motsatira masiku ake. Pa 6 July 2003, Joseph Wilson, yemwe kale anali kazembe, analemba mu New York Times kuti atatumidwa ku Niger mu 2002 sanapeze umboni wa zimene boma la Bush linkanena zoti Iraq inkafuna kugula uranium kumeneko, mwala womwe uja wa ku Kayelekera ku Karonga. Pa 14 July mtolankhani Robert Novak anaulula kuti mkazi wa Wilson, Valerie Plame, ankagwira ntchito mwachinsinsi ku CIA, bungwe la akazitape la America. Mu December chaka chomwecho woimira boma pamilandu Patrick Fitzgerald anasankhidwa kuti afufuze amene anatulutsa chinsinsicho, ndipo mu June 2006 loya wa Rove, Robert Luskin, analengeza kuti wauzidwa kuti Rove saimbidwa mlandu.

Kenako lekanitsani mafunso awiri amene otsutsana ambiri amawaphatikiza, ndipo apa ndi pofunika kukhalitsa. Loyamba ndi lakuti kodi kuulula dzinalo kunali mlandu. Rove analankhuladi za mayiyu ndi Novak komanso ndi Matthew Cooper wa magazini ya Time, koma lamulo la 1982 loteteza akazitape limafuna kuti boma lionetse kuti woululayo ankadziwa kuti munthuyo ndi kazitape wobisika ndiponso kuti boma linkayesetsa kumubisa. Umboni wa zimene munthu ankadziwa mumtima mwake ndi wovuta kuupeza, ndipo palibe amene anaimbidwa mlandu pa lamulo limeneli m'nkhani yonseyi, ngakhale Richard Armitage, yemwe anali wachiwiri kwa nduna yoona zakunja, amene anavomera poyera mu 2006 kuti ndiye anayamba kuuza Novak.

Funso lachiwiri ndi lakuti kodi Rove ananama atalumbira, ndipo mtsutso weniweni uli pamenepa. Lewis Libby, yemwe anali mkulu wa ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti Dick Cheney, anaimbidwa milandu isanu mu October 2005, ndipo mu March 2007 anapezeka wolakwa pa milandu inayi yokhudza kunama ndi kusokoneza kafukufuku, osati kuulula chinsinsi. Rove nayenso poyamba sanatchule zoti analankhula ndi Cooper, koma loya wake atamva kwa mtolankhani wina wa Time, Viveca Novak (osati Robert Novak uja), kuti zokambiranazo zikudziwika, panapezeka imelo imene Rove analembera Stephen Hadley, mlangizi wina wa Bush pa za chitetezo, yotchula nkhaniyo, ndipo Rove anabwerera kukakonza umboni wake mu October 2004. Anaonekera kasanu pamaso pa grand jury, gulu la nzika limene limavomereza kuti munthu aimbidwe mlandu.

Mbali yoikira kumbuyo chigamulo cha Fitzgerald imange mfundo yake pa kukonza umboniko: munthu wotanganidwa angathe kuiwala foni yaifupi, ndipo wofuna kubisa sapereka yekha kalata yomutsutsa. Mbali inayo ifunse chifukwa chimene chikumbukirocho chinabwerera pokhapokha zitadziwika kuti atolankhani akudziwa. Ine ndimaona kuti funso limeneli ndi lamphamvu, koma limangodzutsa chikaiko, pamene woimira boma amafunika umboni wosasiya mpata wokaikira.

Musalole mnzanu kunena kuti Rove anapulumuka chifukwa chogwirizana mobisa ndi ofufuza, pokhapokha atabweretsa umboni, pakuti Fitzgerald sanatulutse lipoti lofotokoza zifukwa zake. Musalolenso mbali ina kunena kuti khoti linamupeza wosalakwa, chifukwa nkhani yake sinafike n'komwe pozengedwa. Amene anganene kuti udindo ndiwo unamuteteza ayembekezere kufunsidwa za Libby, amenenso anali ndi udindo waukulu koma anaweruzidwa kukhala m'ndende miyezi 30. Yankho lake labwino n'lakuti Bush anamuchotsera chilango cha ndendecho mu July 2007 ndipo Donald Trump anamukhululukira mu 2018.

Mukafuna kuyerekezera ndi kwathu kuno, chenjerani, chifukwa Malawi alibe grand jury. Mphamvu yoyambitsa kapena kuimitsa milandu yotereyi ili m'manja mwa mkulu woimira boma pamilandu, DPP, malinga ndi gawo 99 la malamulo aakulu a dziko lino, choncho woyankhula woyamba alifotokoze kusiyanaku oweruza mtsutso asanafunse.