Thermometer ya mercury m'nyumba: kasamalidwe kake ndi zocita ikasweka

Malangizo awa ndi a makolo, olera ana ndi aliyense amene amasunga thermometer ya galasi panyumba. Awerengeni lero thermometer ikadali yamphumphu, pakuti ikasweka simudzakhala ndi mpata wowerenga.

Coyamba, iyang'aneni bwino pa kuwala. Ngati madzi a mkati ndi ofiira kapena abuluu, ameneyo ndi alcohol wothira mtundu, mulibe mercury. Ngati akunyezimira ngati siliva, muitenge kuti ndi ya mercury, kupatula ngati pa bokosi lake palembedwa kuti “mercury free”. Zolembedwa motero zimakhala ndi msanganizo wa zitsulo zina zitatu, gallium, indium ndi tin, ndipo sizitulutsa mpweya wa poizoni.

Kuopsa kwake kuli pati

Mercury ndi citsulo, koma cimakhala ngati madzi ngakhale kusanatenthe. Mu thermometer imodzi yoyezera thupi mumakhala pafupifupi theka la gilamu, nthawi zina kupitirira pang'ono. Galasi likadali lotseka, palibe vuto. Likasweka, mercury imamwazika n'kukhala timibulu ting'onoting'ono timene timagubuduzika n'kulowa m'ming'alu ya simenti, m'mphepete mwa khoma ndi pakati pa mphasa. Kumeneko imauluka pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi. Mpweya wake suoneka, sununkha, sutsamwitsa. Munthu akaupuma, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse amalowa m'magazi kudzera m'mapapo, ndipo amakakhazikika mu ubongo ndi mu impso.

Anthu ambiri amaopa kwambiri kumeza mercury kuposa kuipuma, pamene zoona zake ndi zosiyana. Mercury ya mu thermometer ikamezedwa, matumbo amayamwa yocepa kwambiri, yambiri imatuluka ndi cimbudzi. Cimene cimavulaza pamenepo ndi magalasi osweka. Mpweya ndiwo mdani weniweni, ndipo kutentha kumaucurukitsa. Cipinda cofolera malata m'mwezi wa October, mazenera otseka, mbaula ikuyaka pafupi: pamenepo mercury yocepa imatulutsa mpweya wambiri. Amene ali pa ngozi kwambiri ndi makanda okwawa pansi, ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, cifukwa mercury imatha kufika kwa mwana amene ali m'mimba.

Koma musacite mantha opitirira. Thermometer imodzi ikasweka n'kutoledwa bwino tsiku lomwelo, si kawirikawiri kuti munthu adwale. Imene imadwalitsa ndi ija yosesedwa ndi tsache kapena yosiyidwa pansi pa bedi.

Pogwiritsa nchito

Mwana wamng'ono musamuike thermometer ya galasi m'kamwa, akhoza kuiluma. Ikani m'khwapa, mugwire mkono wake, ndipo musacoke mpaka mutaitulutsa. Poikutumula kuti mercury itsike, ikutumulireni pamwamba pa bedi, kutali ndi khoma ndi thebulo. Itsukeni ndi madzi ozizira ndi sopo. Madzi otentha amaiphulitsa, pakuti inapangidwa kuti ifike pa madigiri 42 cabe. Mukatha ibwezereni m'kabokosi kake, muike pamwamba pamene ana safika, osati m'khichini kapena pazenera pamene pamawomba dzuwa.

Ikasweka

Tulutsani ana, amayi oyembekezera ndi ziweto m'cipindamo nthawi yomweyo, ndipo wina asaponde pamene yagwera. Tsegulani mazenera a cipindaco, mutseke citseko colowera ku zipinda zina. Cotsani mbaula kapena heater. Vulani mphete, ndolo ndi zibangili, makamaka za golide, cifukwa mercury imamatirira ku golide n'kuiwononga. Valani magilavu a labala, ndipo ngati mulibe, valani timatumba ta pulasitiki m'manja.

Dzanja lidzathamangira ku tsache. Lekani! Tsache limaphwanya timibulu kukhala fumbi losaoneka n'kulifalitsa nyumba yonse. Makina okoka fumbi a magetsi ndiye oipa koposa, cifukwa amatenthetsa mercury n'kuiuzira mumpweya, ndipo makinawo amakhala oipitsidwa mpaka kalekale. Cikolopo naco ai.

Tolani magalasi mosamala, muwakulunge m'pepala. Kenaka tengani zidutswa ziwiri za katoni yolimba, muzikankha timibulu pang'onopang'ono kuti tikumane. Mudzaona kuti tikakhudzana timagwirizana n'kukhala m'bulu umodzi waukulu. Uyoleni ndi katoniyo kapena muukoke ndi sirinji yopanda singano, muuike m'botolo la galasi kapena la pulasitiki yolimba lokhala ndi citsekero cothina. Timibulu totsala timamatirira ku selotepi. Mukaganiza kuti mwatha, simunathe. Tsekani makatani kuti mucipinda mude, mugoneke toci pansi kuti kuwala kuyende cammbali, ngakhale toci ya pa foni ikwanira. Timibulu tobisala tidzanyezimira. Yang'anani cipinda conse, pakuti pa simenti yopolisha mercury imagubuduzika kutali ndithu. Amene angapeze ufa wa sulphur ku masitolo a mankhwala kapena a zaulimi angauwaze pamalopo, umagwira mercury yotsala.

Nyumba zathu si zonse zili ndi simenti yosalala. Ngati yagwera pa mphasa, mkeka, kapeti kapena matiresi, simungaicotse yonse. Dulani mbali imene yakhudzidwa, kapena pindani cinthuco mosamala kuti timibulu tisagwe, muciike m'thumba la pulasitiki n'kumanga. Inde, n'zowawa kutaya mphasa yabwino, koma mwana amagona pomwepo. Ngati pansi ndi pozira ndi dothi, palani dothi la pamalopo ndi supuni yakale, muliike m'botolo kapena m'thumba limodzi ndi supuniyo. Citenje kapena covala cimene cakhudza mercury musacicape pamodzi ndi zina, ciikeni m'thumba. Nsapato zimene zaponda muzivule musanatuluke m'cipindamo.

Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo. Mazenera akhale otsegula kwa maola 24 kapena kuposerapo, ndipo usiku umenewo munthu asagonemo.

Kotaya

Katoni, selotepi, magilavu ndi magalasi zonse zilowe m'thumba, thumbalo mulilowetse m'lina, mumange n'kulembapo kuti “MERCURY, POIZONI”. Lisungeni kunja kwa nyumba pamthunzi, pamene ana sangafike. Musathire mercury m'sinki, m'ngalande, m'cimbudzi ca dzenje kapena pafupi ndi citsime. Ikalowa m'madzi, tizilombo ta m'matope timaisandutsa mtundu wina woopsa kwambiri wochedwa methylmercury, umene umaunjikana m'nsomba. Ndipo koposa zonse, musaiponye pa dzenje lotentherapo zinyalala. Moto umaulutsa mercury yonse nthawi imodzi, utsi n'kupumidwa ndi inu ndi oyandikana nanu. Funsani ku kiliniki ya kwanu, kwa a zaumoyo a ku khansolo, kapena ku Zambia Environmental Management Agency, ZEMA, amene amayang'anira zinyalala zoopsa, kuti akuuzeni kokapereka. Wina akafuna kugula mercury yanu kuti akatsukire golide, musamupatse.

Nthawi yopita ku cipatala

Mwana akaluma thermometer, cotsani magalasi amene mukuwaona m'kamwa, acukuce ndi madzi n'kulavula. Musamusanzitse. Pitani naye ku kiliniki akamuone ngati wacekeka kapena wameza galasi. Mercury ikalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15. Pitaninso msanga ngati wina wayamba kutsokomola, kubanika, kumva kukoma kwa citsulo m'kamwa, nseru kapena mutu pambuyo poti thermometer yasweka. Zizindikiro zina zimabwera patapita milungu: kunjenjemera manja, kusowa tulo, kuiwalaiwala, kukwiya msanga, kutupa nkhama. Kwa ana, zikhato ndi mapazi zimatha kufiira, kupweteka ndi kusupuka khungu. Muwauze anamwino kuti m'nyumba munasweka thermometer, cifukwa zizindikirozi zimafanana ndi matenda ena ambiri ndipo iwo sangalote.

Kusintha thermometer

Bungwe la World Health Organization limaika mercury pa gulu la mankhwala 10 odetsa nkhawa kwambiri pa umoyo wa anthu. Mu 2013 maiko anagwirizana pangano la Minamata, lochedwa ndi dzina la tauni ya ku Japan kumene mu 1956 anthu anapezeka ndi matenda oopsa a ubongo atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi fakitale. Zambia inavomereza panganoli mu 2016, ndipo linayamba kugwira nchito mu 2017. Linaika caka ca 2020 kukhala malire opangira ndi kutumizirana ma thermometer a mercury pakati pa maiko. N'cifukwa cake m'masitolo a mankhwala mwadzaza a digito, koma akale aja akadali m'madirowa a nyumba zambiri.

Gulani ya digito, ndipo yakaleyo mukaipereke ili yamphumphu m'kabokosi kake. Ya digito nayo ili ndi kake: kabatire kake kozungulira ngati batani kamaocha kummero mwana akakameza, conco onetsetsani kuti potsekera batire ndi pothina. Thermometer iliyonse imene muli nayo ikaonetsa madigiri 38 kapena kuposa, pitani mukayezetse malungo. Khanda losakwana miyezi itatu likafika pa 38, musadikire kuti kuce.