Munasiyana kalekale, koma penshoni ya ku Joni ikadali ya awiri

Malangizowa ndi a abale athu amene ali pa ntchito yolembedwa ku South Africa ndipo mwezi ndi mwezi amadulidwa ndalama ya penshoni, komanso a akazi kapena amuna awo amene anasiyana nawo nyumba osapita kukhoti. Nkhani yake ndi yofala. Banja linasokonekera, ankhoswe anakhala pansi kangapo n'kulephera, mayi anatenga ana n'kukachita lendi kwina, bambo mwina anapeza kale wina. Papita zaka 8 kapena 10 ndipo aliyense amati ukwati unatha. Pamaso pa lamulo la kumeneko sunathe.

Lamulo la chisudzulo la dzikolo, Divorce Act ya 1979, pa ndime 7, limati penshoni ya munthu imawerengedwa pa katundu wake pamene banja likutha. Ndalama yake ndi imene munthuyo akanalandira akanasiya ntchito pa tsiku limene khoti lathetsa ukwati. Gwirani mawu amenewo. Tsiku limene mayi anamanga katundu n'kutuluka m'nyumba silimaimitsa chiwerengero. Tiyerekeze kuti posiyana m'thumba la penshoni munali R150 000, ndipo lero muli R600 000. Yokambirana ndi R600 000, ngakhale zaka zonsezi simunadyere mbale imodzi.

Kagawidwe kamatengera mtundu wa ukwati. Amene anakwatirana ku South Africa osayamba asainirana pangano la katundu kwa loya nthawi zambiri amakhala mu ukwati wa in community of property: katundu ndi ngongole zonse n'za awiri, ndipo penshoni imagawidwa pakati, ngakhale ija munasonkha musanakwatirane. Amene anasainirana pangano lokhala ndi accrual amagawana chuma chimene chinawonjezeka ali m'banja, ndipo mu 2016 khoti lalikulu la apilo linatsimikiza kuti chimawerengedwa pa tsiku lotha ukwati. Amene anakana accrual m'panganolo afunse loya ngati penshoni ya wina ingalowe m'chiwerengero. Ngati munakwatirana kumudzi, ku Mzimba kapena ku Mangochi, n'kupita ku Joni pambuyo pake, funso loyamba kwa loya likhale lakuti katundu wanu akuyendera lamulo la dziko liti, chifukwa likhoza kukhala la Malawi.

Ndikudziwa kuti wogwira ntchito zimamuwawa. Amati ndadzuka ndekha m'mamawa zaka zonsezi, wina adzangotenga theka bwanji? Khoti lili ndi mphamvu, pa ndime 9, yolanda mmodzi gawo lake lonse kapena pang'ono, poona kutalika kwa ukwati, chimene chinauthetsa, ndi kulakwa kwakukulu kwa mmodzi wa iwo. Koma musadalire zimenezo ngati kuti zimangochitika zokha. Muyenera kupempha ndi kupereka umboni. Ndipo ine ndimati muyambe mwadzifunsa kuti pa zaka zimenezo ana amagona kwa ndani, fizi ndi yunifolomu amagula ndani. Mayi amene analera ana yekha pamene thumba la bambo limakula ali ndi gawo lake mmenemo. Njira yabwino ndiyo kukhala pansi awirinu n'kumvana: mukhoza kugwirizana 50 peresenti, 30 peresenti, kapena wina atenge nyumba wina asunge penshoni, khoti n'kusandutsa panganolo chigamulo.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi pa kalembedwe ka chigamulocho. Bungwe losunga penshoni limalipira zimene zalembedwa basi. Chigamulo chitchule thumba la penshonilo bwinobwino, osati dzina la kampani imene munthu akugwirako kapena mawu akuti “penshoni yake ya kuntchito”. Chinene gawo lenileni, peresenti kapena ndalama. Chilamulenso thumbalo kulipira mnzanuyo. Pakasowa chimodzi, pepala limabwezedwa ndipo mumabwerera kukhoti kukakonza, ndalama za loya n'kutulukanso. Choncho tengani chikalata chimene thumba limatumiza chaka ndi chaka, mukopere dzina ndi nambala ya umembala monga zilili, ndipo ngati n'kotheka loya atumize mawuwo ku thumbalo kuti liwaone musanasaine.

Kuyambira 2007 wopatsidwa gawo sadikiranso kuti mnzake apume pa ntchito. Chigamulo chikafika, thumba lili ndi masiku 45 oti likufunseni inu wopatsidwa gawo ngati mukufuna ndalama m'manja kapena kuisamutsira ku thumba lanu la penshoni. Inu muli ndi masiku 120 oyankha, ndipo iwo alipire pasanathe masiku 60 mutayankha. Mukatenga m'manja, msonkho wa SARS, bungwe lotolera misonkho la dzikolo, umadulidwa kwa inu wolandira. Mukasamutsira ku thumba lina, sumadulidwa nthawi imeneyo. Amayi amene muli ndi zaka 45 kapena 50 ndipo mulibe penshoni yanuyanu, lingalirani kusamutsako musanathamangire kashi.

Kuzengereza kumaluma mbali zonse. Wogwira ntchito akasiya ntchito kapena kupuma n'kutulutsa ndalama yake m'thumbamo chisudzulo chisanachitike, ndime 7 ija siigwiranso pa thumbalo, ndipo ndalama ikalowa ku akaunti yake kuilondola kumavuta. Kuyambira pa 1 Seputembala 2024, ndondomeko ya two-pot imalolanso munthu kutapa gawo lina la penshoni kamodzi pa chaka cha msonkho akadali pa ntchito. N'chifukwa chake mlandu ukangotsegulidwa, inu ofuna gawo lemberani thumbalo kalata pamodzi ndi umboni wa kukhoti. Likadziwitsidwa, sililola kutapako popanda chilolezo chanu. Wogwira ntchito naye adziwe kuti akamwalira ukwati usanathe, oyang'anira thumba ndiwo amagawa ndalamayo kwa omudalira, ndipo mkazi wa pa chikalata amaganiziridwa limodzi ndi ana ndi wina aliyense amene ankamudalira.

Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid South Africa mutanyamula chikalata cha ukwati, ziphaso, zikalata za kubadwa kwa ana, pepala la malipiro ndi la penshoni. Kukhala chaka chathunthu osakhalira limodzi ndi umboni umene khoti limalandira wakuti banja linasweka. Thumba likachedwetsa malipiro chigamulo chili bwino, dandaulo limapita ku ofesi ya Pension Funds Adjudicator, ndipo salipiritsa.