Mmene mungakonzekerere ulendo wokacheza kwa abale kunja pa holide yaitali

Ulendo wanga woyamba wokaona achemwali anga ku London ndinaukonzekera miyezi inayi yathunthu, koma funso limodzi lokha sindinawafunse, loti kodi masiku amenewo iwowo adzakhala pa holide kapena ayi. Tinafika ndi ana awiri Lachinayi usiku, alamu ndi amene anatichingamira pa eyapoti, mmawa mwake ife tasamba kale, tatchena, tikudikira kuti atitengere mtauni, nde cha m'ma 8 koloko chitseko chikutseguka, achemwali akulowa kuchokera ku shifiti ya usiku. Anakhala pansi pa masitepe nkuyamba kumasula nsapato, maso ali psuu, nkutiyang'ana ife ndi tizikwama tathu kumsana. Sanadandaule olo pang'ono, anangoti "ndipatseniko maola awiri ndigone kaye, tipita." Mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa mumtima. Nchifukwa chake munthu akandifunsa kakonzedwe ka ulendo ngati uwu ndimayambira pamenepa, za mapepala zimabwera pambuyo.

Musanagule tikiti imbani foni, osati meseji ayi, mulankhulane bwinobwino ndi amene akukakusunganiwo. Afunseni masiku amene ali ndi mpata, chifukwa kuntchito kwawo masiku opuma ndi owerengeka ndipo amayenera kupempha kukadali miyezi, makamaka Julayi ndi Ogasiti pamene aliyense amene ali ndi ana akulimbirana masiku omwewo. Ku England sukulu zambiri zimatsekera kumapeto kwa Julayi nkutsegulira kumayambiriro kwa Sepitembala, masabata ngati 6, ku America zambiri zimakhala zotseka kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Koma ngati abale anuwo ali ku Johannesburg kapena ku Sydney zinthu ndi zotembenuza, Julayi kumeneko ndi nthawi yozizira, holide yaitali ndi ya Disembala ndi Januwale, nde musangomva kuti summer nkumaganiza kuti ndi miyezi yofanana paliponse.

Pa foni yomweyo funsani zinthu zimene timachita nazo manyazi zija. Tidzagona pati, nyumbayo ili ndi zipinda zingati, zakudya ndi thiransipoti azilipira ndani, tikhale masabata angati. Nyumba zambiri m'mizinda ikuluikulu ndi zazing'ono kuposa mmene zimaonekera pa zithunzi za pa Facebook, mukabwera anthu anayi ndiye kuti ana a eni nyumba asamukira pabalaza mwezi wonse, ndipo sadzakuuzani okha, inuyo ndi amene muyenera kufunsa. Ine ndimaona kuti masabata awiri kapena atatu ndi okwanira, mlendo ndi mame paja, mukapitirira pamenepo muyambe mwagwirizana kaye momveka, olo kugawa masikuwo kuti ena mukakhale kwa wachibale wina.

Masiku akadziwika tsegulani pasipoti muone deti yothera, ya ana yomwe chifukwa m'maiko ambiri ya ana imatha msanga kuposa ya akulu. Maiko ambiri amafuna kuti ikhale yatsala ndi miyezi 6, maiko a Schengen amafuna miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke, ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi komanso ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo. Schengen yo ndi gulu la maiko 29 a ku Ulaya amene mumayendamo ndi viza imodzi, France, Germany, Italy, Spain, Sweden ndi ena, ndipo mlendo amaloledwa masiku 90 mkati mwa masiku 180 aliwonse. UK ndi Ireland mulibemo. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa nazo, munthu ali ndi viza ya UK nkumaganiza kuti akwera sitima ya Eurostar kukaona Paris wikendi imodzi, kufika pa siteshoni nkubwezedwa. Ngati pasipoti yanu ndi yofuna viza mbali zonse ndiye kuti mukufunika ma viza awiri, ndipo onsewo mupangiretu musananyamuke.

Viza musaichedwetse. Ya Schengen mukhoza kupempha kutatsala miyezi 6, ya alendo ya UK kutatsala miyezi itatu ndipo yankho nthawi zambiri limatenga masabata atatu, koma nyengo imeneyi anthu amachuluka moti kungopeza tsiku lokapereka mapepala ndi kudinda zala kumene kukhoza kukudyerani masabata. Chimene ofesala wa viza akufuna kukhutira nacho ndi choti muli ndi ndalama zokwanira ulendowo komanso kuti mudzabwerera. Nde pamafunika kalata yokuitanani yochokera kwa abalewo yokhala ndi adiresi yawo, ubale wanu ndi masiku, kopi ya mapepala awo osonyeza kuti akukhala kumeneko mololedwa, sitetimenti ya ku banki ya miyezi ingapo, kalata ya kuntchito kwanu yoti mwapatsidwa holide ndipo mudzayambiranso tsiku lakuti, ya kusukulu kwa ana chimodzimodzi. Chonde musakongole ndalama zambiri nkuziponya mu akaunti kutatsala sabata kuti ioneke yonenepa, amaona, ndalama yongotulukira yopanda gwero imakayikitsa kuposa ndalama yochepa imene ikuoneka kuti ndi malipiro anu a mwezi ndi mwezi. Ngati abalewo ndi amene akulipira ulendowo lembani choncho, ndi zololedwa, iwo aikepo ma sitetimenti awo. Ndipo ngati munakanizidwapo viza kwina kulikonse nenani pa fomupo, kubisa kukapezeka ndi mlandu waukulu kuposa kukanizidwako. Tikiti yosabweza ndalama musagule viza isanatuluke.

Inshulansi ya chipatala pa viza ya Schengen ndi lamulo, ikhale yofika 30,000 euro. Kwina sakakamiza koma gulani basi, makamaka ngati mukupita ku America kapena mukutenga agogo, kugona chipatala usiku umodzi kumeneko kukhoza kusiya abale anu m'ngongole yomwe adzalipire inu mutabwerera kalekale. Ngati mukuchokera kapena kudutsa dziko lomwe kuli matenda a yellow fever, maiko ena amafunsa kadi yachikasu ija, katemera wake amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 mutabaya ndipo kuyambira 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati kadiyo ndi ya moyo wonse. Mwana akamayenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali, tengani satifiketi yake yobadwira ndi kalata yovomereza yosainidwa ndi kholo linalo, pena safunsa nkomwe koma tsiku lomwe afunse mulibe ndiye kuti ndege ikusiyani.

Pa tikiti langizo langa lalikulu ndi limodzi, ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Ine ndinayesapo kudula mtengo pogula ziwiri zosiyana, ndege yoyamba inachedwa maola atatu, yachiwiri inapita, ndipo palibe kampani inavomera kuti ndi vuto lake, ndinagula ina ndi ndalama yomwe ndimati ndikagulire ana zinthu. Ikakhala imodzi, mukaphonya ndege chifukwa yoyamba inachedwa amakuikani pa ina okha ndipo katundu nthawi zambiri amapitirira yekha mpaka kofika. Posinthira ndege, kaya ndi Addis Ababa, Nairobi, Doha kapena Dubai, siyani mpata wa maola awiri kapena atatu ngati muli ndi ana kapena achikulire. Fufuzaninso ngati dziko lodutsamolo likufuna viza, America mwachitsanzo olo mukungodutsa kupita kwina mumayenera kukhala ndi chilolezo cholowera.

Kulongedza sikovuta. Sutikesi nthawi zambiri ndi makilo 23 koma onani pa tikiti yanu. M'chikwama cha m'manja muikemo mapepala onse, mankhwala ali m'mabokosi ake ndi kalata ya dokotala, chaja, power bank chifukwa siloledwa m'katundu wopita pansi, ndi zovala zosinthira za tsiku limodzi aliyense. Zamadzimadzi ma eyapoti ambiri amalola mabotolo osaposa 100 ml. Mankhwala ena monga tramadol ndi codeine ku Dubai amafuna chilolezo, nde musangowaponya m'chikwama. Abale adzakutumani zakudya zomwe akuzisowa, ndi zabwino kuwatengera, koma nyama ndi zamkaka zochokera kunja sizololedwa kulowa mu EU, mgwirizano uja wa maiko a ku Ulaya, ndipo ku Australia chakudya chilichonse mumayenera kuchilemba pa kadi yolowera, mukabisa ndi faindi. Katundu wa munthu wina amene simunamuone mkati musanyamule olo akhale wodziwana naye bwanji. Ndalama za kashi zikafika 10,000 euro polowa mu EU kapena kupitirira 10,000 dollars ku America muyenera kunena.

Pofika, pa imigireshoni yankhani zomwe mwafunsidwa basi, mukukhala kwa ndani, masiku angati, mukubwerera liti. Adiresi ndi nambala ya foni ya abalewo zikhale pa pepala, foni imatha moto kapena kukana netiweki nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Mukasochera funsani ogwira ntchito pa eyapoti, safunsa anadya phula. Sutikesi ikapanda kutuluka musachoke m'holo ya katundu musanalembetse fomu pa desiki ya kampani ya ndegeyo, ndipo kasitika kamene anakumatirani pa tikiti kaja ndi umboni wanu, musakataye. Malamulo a Montreal Convention a 1999, pangano la maiko pa za maulendo a pandege, amapereka masiku 7 odandaulira katundu wowonongeka ndi masiku 21 pa wochedwa.

Tsopano pakhomo paja. Chinthu choyamba chomwe chinatidabwitsa ndi kuwala. Kumapeto kwa Juni ku London dzuwa limalowa cha m'ma 9:20 usiku nkutuluka 5 koloko isanakwane, ku Stockholm ndiye kuposa pamenepo. Mwana wanga wamng'ono anakanitsitsa kugona, ataima pawindo ndi pijama akuloza kunja kuti amama kukadali masana, anzake akusewera mpira pansipo, mpaka alamu anatenga bulangeti lakuda nkulipanikiza pawindo ndi mapegi oyanikira zovala ndi pamene anagona. Nde ana muziwagoneka poona wotchi osati poona kunja. Ngati mwadutsa maola ambiri, monga London ndi New York zimasiyana maola 5, masiku awiri oyamba musapange pulogalamu yolemetsa, muziyenda panja masana thupi lizolowere. Kutenthanso musakupeputse, pa 19 Julayi 2022 UK inafika madigiri 40.3 ndipo nyumba zambiri kumeneko zinamangidwa kuti zisunge kutentha, zilibe makina oziziritsa m'nyumba aja a AC, komabe juzi ndi kajekete ka mvula tengani chifukwa tsiku lotsatira kukhoza kuzizira.

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu pemphani wina akuphunzitseni kukwera basi ndi sitima, mukwere naye kamodzi, kenako muziyenda nokha. Ichi ndi chimene chinasintha ulendo wathu uja. Titangodziwa njira, achemwali amagona mwamtendere masana, ife tapita, madzulo tikubwera ndi nkhani zowauza m'malo mokhala pa sofa tsiku lonse kuwadikira ngati iwowo ndi dalaivala wathu. Ku London mumangogunditsa kadi ya banki kapena Oyster, kadi yolipirira basi ndi sitima, pa geti, ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu wolipira, British Museum ndi Natural History Museum kulowa ndi ulere, ma paki nawonso, moti sabata yathunthu mukhoza kuidzaza osavutitsa thumba la munthu. Gulani simu kadi ya komweko kapena eSIM, simu yongoika mu foni kudzera pa intaneti, adaputa yoyenera chifukwa mapulagi a UK, a ku Germany ndi a ku America ndi osiyana, ndipo sungani nambala ya ngozi, 112 mu EU, 999 ku UK, 911 ku America.

M'nyumbamo gwirani ntchito ngati wapakhomo. Kumeneko ambiri alibe wantchito, mbale, kuchapa, kusesa ndi okha akaweruka. Funsani mmene makina ochapira amagwirira ntchito ndi mmene amasiyanitsira zinyalala, phikani masiku ena, mukapita ku shopu lipirani inuyo kamodzi kapena kawiri osadikira kuuzidwa. Koma ntchito yolipidwa ayi, viza ya alendo siilola olo wina akuuzeni kuti ndi kaganyu ka masiku awiri, mukagwidwa mwaika m'mavuto ndi amene anakuitanani. Ana a kumeneko mwina sadziwa bwino chilankhulo chanu kapena sakupatsani moni mmene munazolowera, musawanyoze kapena kudzudzula makolo awo pamaso pawo, khalani nawo pansi, aonetseni zithunzi za agogo awo ali achinyamata, auzeni maina a azibale awo, pakutha pa sabata mudzapeza akukutsatirani kulikonse. Ndipo pezani usiku umodzi ana atagona mukhale awiriwiri ndi m'bale wanuyo osakamba zoti atumize chakuti kwa uje, mungomufunsa mmene iyeyo akukhalira, ambiri kunjaku amasungulumwa kwambiri koma pa foni samanena.

Kutatsala masiku awiri kuti mubwerere yezani masutikesi pa sikelo ya pakhomo, chifukwa mphatso zimachuluka ndipo kilo iliyonse yopitirira pa eyapoti ndi yodula. Onaninso deti yothera viza, musapitirire olo tsiku limodzi chifukwa zimalembedwa ndipo zidzakutsekerani ulendo wina. Chapani zofunda zomwe munagonera, bwezani makiyi ndi makadi a sitima, ndipo ngati ndege yanu ikunyamuka tsiku lomwe iwo ali kuntchito auzeni kuti musavutike tikwera sitima tokha, njira mwaidziwa kale, mufike pa eyapoti kutatsala maola atatu.