Kasamalidwe ka fern m'nyumba kuno ku Salima

Achemwali mwafunsa kuti fern wanu, chomera chija cha masamba onga nthenga, mumusamale bwanji poti masamba akungouma kunsonga ndi kutentha kwa kuno ku Salima. Pangani chonchi.

Choyamba mphika wa maluwawo ukhale wobowola pansi, olo chibaketi chakale bola madzi azituluka. Dothi musatenge mchenga wa kunyanja ayi, sakanizani dothi lakuda lija la masamba owolerana pansi pa mtengo wa mango, manyowa owola bwino ndi mankhusu a mpunga pang'ono, lizisunga chinyezi koma madzi asamadikhe.

Kenako malo. Fern kwawo ndi kunkhalango pansi pa mitengo ndiye dzuwa la mu Okutobala likamuwomba amapsa basi. Muyikeni pafupi ndi windo poti kuwala kukufika koma dzuwa osamumenya, kapena pakhonde pamthunzi, nthawi ya mwera mumuchotse pamphepo.

Pothirira ndi pomwe pagona nkhani. Pisani chala m'dothimo, pamwamba pakayamba kuuma thirani mpaka madzi atulukire pansi, nyengo yotentha mwina tsiku lililonse, mu Juni ndi Julayi chepetsani. Ngati mjigo wakwanu uli wa madzi amchere chonde muzisunga madzi a mvula, mchere umawotcha nsonga za masamba. Mphikawo mutha kuukhazika pambale ya timiyala yokhala ndi madzi pang'ono koma usamire m'madzimo, mizu imawola.

Masamba ouma dulani ndi sizasi mmunsi mwenimweni, feteleza musachulutse. Akadzaza mphika muzuleni mvula ikayamba, gawani mizu pawiri ndi mpeni wakuthwa, mudzale m'miphika iwiri.