Musanakokere intaneti kunyumba kuno ku Joni, funsani za adiresi

Mwezi wathawu bambo ena a kwathu amene ali ndi kagolosale ku Rosettenville anandiitana kuti ndikaone chifukwa chimene makamera omwe anaika m'sitolo mwawo sankaonekera pa foni yawo akakhala kunyumba. Anali atagula kale rauta yachiwiri poganiza kuti yoyambayo ndi yakufa, ndipo mnyamata amene anawamangira makamerawo anali atasiya kuyankha foni. Titatsegula tsamba la rautayo, pamalo olembedwa WAN, pamene pamaoneka adiresi imene kampani ya intaneti yapatsa rautayo, tinapeza nambala yoyamba ndi 100.72, ndipo vuto lonse linali pamenepo. Makamera anali abwinobwino, koma kampani imene amalipirako intaneti inawaika pa adiresi imodzi ya pa intaneti (IP) ndi makasitomala ena ambirimbiri. Malangizo awa ndi a aliyense amene akufuna kukokera intaneti kunyumba kapena ku bizinesi yake mu Johannesburg muno, kuti adziwe zofunsa asanasainire chilichonse.

Choyamba kumvetsa ndi chakuti kuno mwini wake wa waya wa fibre nthawi zambiri si amene amakugulitsani intaneti. Makampani monga Vumatel, amene anayambira ku Parkhurst mu 2014, Openserve ya Telkom, Frogfoot ndi MetroFibre ndi amene amakumba ngalande ndi kuyala waya mumsewu, pamene Afrihost, Webafrica, Cool Ideas, MWEB, Vox ndi ena amabwereka wayayo n'kumakugulitsani intaneti pamwezi. Mwini waya simusankha inu, amakusankhirani ndi msewu umene mukukhala, koma wogulitsa mumasankha nokha, ndipo pa waya umodzimodziwo mitengo ndi kasamalidwe ka makasitomala zimasiyana. Lembani adiresi ya nyumba pa tsamba la wogulitsa kuti muone ngati fibre inafika, ndipo ngati mukuchita lendi kambiranani ndi a landilodi musanaitane amisiri, chifukwa kuboola khoma kumafuna chilolezo chawo. Funsaninso ngati amene anatuluka m'nyumbamo anatseketsa laini yake, poti laini imene idakali m'dzina la munthu wina imachedwetsa kulumikiza kwanu.

Ambiri a ife timakhala m'zipinda za kuseri ndipo timasamuka kawirikawiri, choncho fibre si ya aliyense. Mukaona kuti akumanga ulere ndi kukupatsani rauta yaulere, werengani bwino, chifukwa kawirikawiri mukasiya nthawi imene anaika isanakwane amakulipitsani zonsezo. Lamulo la Consumer Protection Act limalola kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika mutapereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, koma limalolanso kampani kukudulani chindapusa. Kwa munthu amene sakudziwa ngati adzakhala pamalo omwewo chaka chamawa, rauta ya 4G kapena 5G ya Rain, MTN, Vodacom kapena Telkom ndi yabwinopo chifukwa mumangoinyamula posamuka. Simu khadi yake iyenera kulembetsedwa motsatira lamulo la RICA, kotero konzani pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala. Mawu akuti uncapped, kutanthauza data yopanda malire, asakunamizeni, popeza mapulani ambiri a mtunduwu amachepetsa liwiro mukadutsa mlingo wina wa data pamwezi.

Tsopano tibwerere ku nkhani ya adiresi, imene ogulitsa sakonda kuitchula. Chipangizo chilichonse chimene chikulankhula pa intaneti chimafuna nambala yoti mayankho azichipezerapo. Ndondomeko yakale, yotchedwa IPv4, ili ndi manambala pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ochepa kuyerekeza ndi anthu a padziko lapansi, osawerengera mafoni, makompyuta ndi ma TV awo. Bungwe la IANA, limene limagawa manambalawa padziko lonse, linapereka zigawo zake zomaliza pa 3 February 2011. Ndondomeko yatsopano, IPv6, inali italembedwa kale m'zaka za m'ma 1990, ndipo manambala ake ndi ochuluka kwambiri moti nyumba iliyonse ikhoza kupatsidwa ambiri osawamaliza. Makampani akuluakulu a intaneti anaiyatsa kotheratu pa 6 June 2012. Lero maiko monga India, France ndi Germany ali patsogolo kwambiri, pamene South Africa idakali m'mbuyo zedi ngakhale ili ndi fibre yambiri.

Zifukwa za kuchedwaku zilipo zingapo. Bungwe la AFRINIC, limene lili ku Mauritius ndipo limagawa maadiresi mu Africa, ndi limene linatsala ndi manambala a IPv4 mabungwe anzake a ku Asia, Ulaya ndi America atatha kale awo, choncho makampani a kuno sanaone chowathamangitsa. Manambala atayamba kuvuta, ambiri anasankha njira yotchipa yotchedwa CGNAT, yoika makasitomala ambiri pa adiresi imodzi, m'malo mosintha makina awo. IPv4 ndi IPv6 sizimvana zokha, kotero kampani imene yayatsa yatsopano iyenerabe kusamala yakale, kuphunzitsa antchito ake ndi kulimbana ndi marauta akale amene ali m'nyumba za anthu. Koma chifukwa chachikulu, monga ndikuonera ine, ndi chakuti makasitomala safunsa, ndipo kampani siwononga ndalama pa chinthu chimene palibe akuchifuna.

CGNAT imafanana ndi mmene timakhalira pa mapuloti ambiri a ku Turffontein kapena Cosmo City, pamene geti ndi limodzi, nambala ya nyumba ndi imodzi, koma kuseri kuli zipinda khumi. Inu mukatuma mwana kukagula buledi amabwerera ku chipinda chanu mosavuta chifukwa akudziwa kumene anachokera. Koma mlendo amene wangopatsidwa nambala ya pageti, osauzidwa chipinda, amaima panja. N'chifukwa chake WhatsApp, YouTube, Facebook, kutumiza ndalama kumudzi pa Mukuru kapena kumvera Zodiak zimayenda bwinobwino, popeza zonsezi zimayambira kwa inu. Zimene zimavuta ndi zoyambira kunja kulowa kwanu, monga makina a makamera amene amafuna kutsegulirwa khomo pa rauta, kompyuta ya kunyumba imene mukufuna kuifikira muli kuntchito, ndiponso masewero a PlayStation kapena Xbox amene ana amadandaula kuti sakupeza anzawo. Nthawi zina mnzanu wosamudziwa amene mukugawana naye adiresi akachita zokayikitsa, masamba ena amayamba kukufunsani inuyo mobwerezabwereza ngati ndinu munthu weniweni.

Kudziwa pamene muli n'kosavuta. Tsegulani tsamba la rauta yanu, lomwe adiresi yake ndi mawu achinsinsi zimalembedwa kunsi kwa rautayo, muone nambala ya WAN. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli pa CGNAT. Kenako funsani Google kuti IP yanu ndi chiyani. Ikakuonetsani manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, imeneyo ndi IPv4, ndipo ikasiyana ndi ya pa rauta ndiye kuti pali geti lina pakati panu ndi intaneti. Ikaonetsa mzere wautali wosakaniza manambala ndi zilembo, wolekanitsidwa ndi madontho awiriawiri osanjikizana, muli ndi IPv6.

Poyankhula ndi wogulitsa, funsani ngati adzakupatsani adiresi ya IPv4 yanuyanu kapena muli pa CGNAT, komanso mtengo wake ngati imagulidwa padera. Funsaninso ngati amapereka IPv6 pa waya wa mumsewu mwanu weniweniwo, chifukwa kampani imodzi ikhoza kukhala nayo pa waya wa mwini wina koma osakhala nayo pa wina. Yankho likhale lolembedwa pa imelo, osati la pakamwa. Dziwani kuti IPv6 imathandiza pokhapokha mbali zonse ziwiri zili nayo, kotero ngati kunyumba ilipo koma netiweki ya foni yanu ilibe, kamera ija simuifikirabe mwa njira imeneyo. Ngati ntchito yanu ndi kuimbira abale kumudzi ndi kuonera mpira, musaonjezere ngakhale randi imodzi chifukwa cha nkhaniyi, koma pogula rauta yatsopano onetsetsani kuti pa bokosi palembedwa IPv6, ndipo mukaiyatsa musazimitse firewall, chitetezo chimene chimatchinga olowa kuchokera kunja osaloledwa. Wogulitsa akakhala membala wa ISPA, bungwe la makampani ogulitsa intaneti, muli ndi kokadandaula akakunyengani, ndipo ICASA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti m'dziko muno, nayo imalandira madandaulo.

Bambo a ku Rosettenville aja anaimbira kampani yawo tili pomwepo, anavomera kuonjezera kandalama pamwezi kuti apatsidwe adiresi yawoyawo, ndipo makamera anayamba kuoneka pa foni. Ndinawalangizanso kugula ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga magetsi, kolumikiza rauta, kabokosi ka fibre ka pakhoma ndi makina a makamera, chifukwa magetsi a City Power akazima zitatu zonsezi zimazimira limodzi, ndipo nthawi imeneyo ndi imene mwini sitolo amafunitsitsa kuona pakhomo pake.